Funsani Adokotala: Sikani ya amayi oyembekezera kwa munthu wa ngozi?

FUNSO: Adokotala, achimwene anga anagwa pa njinga yamoto ya kabaza pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Analibe bala, anangosupuka pachigongono. Kuchipatala anawapaka zoterera pamimba n'kuwayendetsa kachipangizo kopimira amayi oyembekezera, akuti zili bwino. Patatha maola awiri anabwereza, n'kuthamanga nawo ku fiyeta, kuchipinda cha opaleshoni. Kodi poyamba paja sanaphonye? Nanga bwanji sanawajambule ekisire? — Mlongo wodandaula, Malindi, Mangochi

YANKHO: Pepani mayi. Makinawo ndi omwewo ndithu, koma pa ngozi sitifuna mwana, timafuna magazi otayikira m'mimba. Kupimako timakutcha FAST. Kachipangizoko timakaika malo anayi: kumanja pakati pa chiwindi ndi impso, kumanzere pali kapamba, m'munsi kuseri kwa chikhodzodzo, ndi pansi pa chifuwa kuti tione mtima. Sizitenga mphindi 5, wodwala ali chigonere pabedi pomwepo. Magazi amaoneka ngati kamzere kakuda bii pomwe ziwalo zimayenera kugundana. Ekisire ndi katswiri pa mafupa, koma magazi a m'mimba imangowadutsa.

Kuphonya? Sindikuganiza choncho. Kapamba akang'ambika pang'ono amadontha ngati ndowa yobooka, ndipo magazi ochepa sikani siwaona mpaka atadikha. N'chifukwa chake timabwereza, maso ali pa BP ndi kugunda kwa mtima. Amene anabwereza aja anachita bwino; ine ndimaopa kwambiri amene apima kamodzi n'kumuuza munthu kuti azipita. Kuno kunyanja tili ndi vuto lina: malungo obwerezabwereza amatupitsa kapamba, ndipo kapamba wotupa sachedwa kuphulika, ngakhale pongogundidwa ndi chigwiriro cha njinga. Sikaniyi ilinso ndi polekezera, matumbo obooka siionetsa bwino. Zikatero pamafunika CT, makina ena ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, kapena dokotala wa opaleshoni atsegule aone yekha.

Chimene ndimawauza achibale nthawi zonse n'chakuti wangozi akatuluka, musamusiye yekha usiku woyamba. Chizungulire, thukuta lozizira, zikhatho zoyera, mimba kuuma gwa, kapena kupweteka kwa phewa lakumanzere pomwe sanagwerepo, bwererani naye msanga. Akamalira ludzu musamupatse madzi kapena phala panjira, mwina akukalowa ku fiyeta.