Paolo Conte: kodi zithunzi zake zinalowa ku Uffizi chifukwa cha dzina?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena amene ali ku Italy, komwe amagwira ntchito yosamalira gogo wina wamkazi. Akuti gogoyo tsiku silipita osamvera nyimbo za bambo wina wa mawu osasa, dzina lake Paolo Conte. Tsiku lina gogoyo anawatulutsira buku la zithunzi n'kuwauza kuti wojambula wake ndi woimba yemweyo, ndiponso kuti zithunzi zake zinaonetsedwapo ku Uffizi, nyumba yotchuka yosungiramo zojambula ya mumzinda wa Firenze. Achemwaliwo akufunsa kuti: "Kodi munthuyu ndi ndani kwenikweni? Nanga zithunzizi n'zaluso ndithu, kapena anangomulemekeza poti ndi wotchuka? Paja kwathu timati mapanga awiri avumbwitsa."

Achemwali, zikomo pondikumbukira. Ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwere pambuyo. Inde, dzina ndi limene linamutsegulira chitseko cha Uffizi, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi. Koma amene anganene kuti Conte ndi woimba amene anayamba kusewera ndi utoto atakalamba, ameneyo waphonya. Mwini wake wakhala akunena kuti kujambula anakuyamba kale asanayambe za nyimbo. Ine ndikamamvera nyimbo zake ndimamukhulupirira, chifukwa ndi nyimbo zopekedwa ndi munthu amene amayamba waona kaye ndi maso.

Anabadwa pa 6 Januwale 1937 ku Asti, tauni ya m'chigawo cha Piemonte, kumpoto chakumadzulo kwa Italy. Ndi dera la minda ya mphesa ndi vinyo, kutali ndi nyanja, ndipo m'nyengo yozizira nkhungu imakuta zigwa zake. Banja lawo linali la anthu a zamalamulo. Bambo ake ntchito yawo inali yotsimikizira zikalata za malo ndi za chuma, koma akaweruka ankakhala pa piyano, ndipo ankakonda jazi wa ku America pa nthawi imene boma la Mussolini linkadana nazo nyimbo zoterozo. Mwanayo anakula akumva m'nyumba mwawo nyimbo zimene kunja zinali zosaloledwa. Atakula anakaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Parma, n'kubwerera kwawo kudzagwira uloya. Usiku ankaimba jazi ndi anzake, chida chake chikhala vibraphone, chija chokhala ngati mangolongondo achitsulo.

M'zaka za m'ma 1960 anayamba kupeka nyimbo zoti aziimba ena, poyamba mothandizana ndi mng'ono wake Giorgio. Imene inamveka dziko lonse ndi Azzurro ya mu 1968, yoimbidwa ndi Adriano Celentano. Conte anapeka maimbidwe ake, mawu n'kulembedwa ndi Vito Pallavicini. Mukafunsa gogo wanuyo, ndikhulupirira ayiimba yonse osaphonya. Ndi imodzi mwa nyimbo zimene anthu a ku Italy ankaimba ataima m'makhonde a nyumba zawo zosanja mu Malichi 2020, nthawi imene Covid inawatsekera m'nyumba. Taonani kuti mutu wake ndi dzina la mtundu, mtundu wa thambo lopanda mtambo. Caterina Caselli, Patty Pravo, Enzo Jannacci ndi Bruno Lauzi onse anaimbapo nyimbo zake, iye ali phee ku Asti ndi mafailo a kukhoti.

Mawu ake enieni anthu anawamva mu 1974, pamene kampani ya RCA inatulutsa chimbale chake choyamba. Apo n'kuti ali ndi zaka 37, msinkhu umene oimba ambiri amakhala atayamba kale kuiwalika. Mawu akewo ndi osasa, nthawi zina amakhala ngati akungolankhula. Uloya sanausiye msanga ayi. Anaupitiriza kwa zaka zingapo zimbale zikutuluka, ndipo mbali ina ya ntchito yake inali yoyendetsa nkhani za mabizinesi ogwa ndi ngongole.

Apa ndi pamene ndimamukondera kwambiri. Pa ntchito imeneyo ankaona anthu tsiku limene zinthu zawathera: sitolo yatsekedwa, katundu akuwerengedwa, munthu akuyesetsa kuti ulemu wokha usamuchoke. M'nyimbo zake zingapo muli bambo wina mwini bala yotchedwa Mocambo, bizinesi yake itagwa koma maloto ake asanafe. Mu imodzi mwa nyimbozo, bamboyu akusimba kuti munthu amene khoti linamuika kuti ayendetse za ngongolezo anamugulira khofi, ndiye akuona kuti ndi munthu wabwinobwino. Munthu woikidwa ndi khotiyo ndi ntchito imene Conte mwini ankagwira. Anadzijambula yekha pakona pa chithunzi, ali ndi kapu ya khofi m'manja, ndipo pakati anaikapo munthu wogwayo. Sanamuseke, sanamumvere chisoni chopitirira. Anangomuonetsa mmene alili.

M'Chichewa tili ndi mwayi woti mawu akuti kujambula amagwira ponseponse. Timajambula chithunzi, timajambulanso nyimbo. Kwa Conte mawu amenewa akukwanira bwino kuposa kwa woimba wina aliyense amene ndimamudziwa. Tengani nyimbo ya Bartali, ya m'chimbale cha Un gelato al limon cha mu 1979. Gino Bartali anali katswiri wa mpikisano wa njinga amene anapambana Tour de France mu 1938 ndi mu 1948. Woimba wina akanatamanda mphamvu zake ndi zikho zake. Conte anaika bambo wina m'mbali mwa msewu wafumbi, wakhala pamwala, akudikira kuti katswiriyo atulukire pokhota, pamene mkazi amene ali naye watopa ndipo akufuna kukaonera filimu. Bartali mwiniyo timangomuona mphuno ndi maso basi, monga amachitira wojambula waluso amene amakoka mizere iwiri itatu nkhope n'kudziwika. Nayonso Genova per noi ndi chithunzi cha nkhope za anthu akumunda ngati a ku Asti akafika mumzinda wa Genova n'kuona nyanja, chinthu chimene sichikhazikika ngakhale usiku, akuchiopa koma akuchifunanso. Aliyense amene anakulira kumtunda n'kudzaona nyanja koyamba ali wamkulu kale aidziwa nkhope imeneyo.

Za kutchuka kwake ndidutsa mwachangu. Via con me, imene mwina munaimva m'mafilimu kapena m'zotsatsa malonda musanadziwe mwini wake, inatuluka mu 1981 m'chimbale cha Paris milonga. Mu 1985 anakaimba ku Théâtre de la Ville ku Paris, Afalansa n'kumukonda kotheratu, ndipo kuchokera apo zitseko za ku Ulaya konse ndi ku America zinatseguka. Pa siteji amakhala pa piyano atavala suti yakuda, kumbuyo kuli gulu lalikulu la oimba zida, ndipo salankhula zambiri. Nthawi zina amatulutsa kazoo, kachitoliro kotchipa kamene ana amasewera nako, n'kukaliza pakati pa zida zodula zonsezo.

Umboni waukulu woti zojambulazi si zongotayira nthawi ndi Razmataz. Imeneyi ndi ntchito imene anaisunga mumtima kwa zaka zambiri. Chimbale chake chinatuluka mu 2000, ndipo pambuyo pake panatuluka DVD yokhala ndi zithunzi pafupifupi 1,800 zojambula iye mwini. Si katuni yoyenda ayi. Zithunzizo zimangotsatizana chimodzichimodzi, wina akusimba nkhani, nyimbo zikulira. Nkhani yake ikuchitikira ku Paris m'zaka za m'ma 1920, ndipo ndi ya mtsikana wovina wachikuda wochokera ku America, dzina lake Razmataz, amene wasowa. Chimene Conte ankafuna kuonetsa ndi kukumana kwa Ulaya wokalamba ndi nyimbo zatsopano za anthu akuda, nthawi ija Josephine Baker anafika ku Paris mu 1925 mzinda wonse n'kutekeseka.

Tangoganizani, achemwali, zithunzi 1,800. Ngakhale munthu atamajambula chimodzi tsiku lililonse osapuma, pangadutse zaka pafupifupi zisanu. Wofuna kungodzionetsa amajambula khumi, n'kuitana atolankhani. Izi ndi za munthu amene dzanja silimulola kukhala chete.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene sindingachilambalale. Razmataz ndi loto la mzungu wa ku Asti lokhudza nyimbo za anthu akuda. Chikondi chake pa jazi n'chenicheni, ndipo oimba akudawo amawalemekeza ngati aphunzitsi ake. Koma Paris wa nthawi imeneyo ankakonda matupi ndi magule a anthu akuda kwinaku France akulamulira maiko ambiri a mu Africa mwautsamunda, ndipo wokonda nyengo imeneyo amatha kuona kuwala kwa siteji kokha. Ine ndikamaona zithunzizo ndimasangalala nazo, koma mbali ina ya mtima imakhala ikufunsa kuti wovina uja akanafotokoza yekha nkhaniyi ikanamveka bwanji. Inunso mukaziona muli ndi ufulu wofunsa zomwezo, ndipo sizichotsa kanthu pa luso la dzanja lake.

Tsopano za Uffizi. Imeneyi ndi nyumba yosungiramo zojambula ya ku Firenze, mmene muli ntchito za Botticelli ndi Leonardo da Vinci. Kumapeto kwa 2023 inaonetsa zithunzi 69 za Conte kwa milungu yowerengeka. Chaka chomwecho, pa 19 Febuluwale, ali ndi zaka 86, anaimba ku La Scala ku Milano, nyumba ya opera imene mwambo wake sulandira oimba a mtundu wake, ndipo ena okonda opera anadandaula poyera kuti malowo achepetsedwa. Choncho kukayika kwanu si kwachilendo. Eni dziko nawonso anakangana za malo amene munthuyu akuyenera.

Kuona kwanga n'kotere. Wojambula wosadziwika wa luso lofanana ndi la Conte sakanaitanidwa ku Uffizi, ndipo ku Italy alipo ambiri otero amene adzamwalira osaponda m'nyumba imeneyo ngati oonetsa. Pamenepo pali kukondera, ndipo kumandiwawa. Conte si Botticelli, ndipo chionetsero cha milungu yochepa sichinamuike pamzere umenewo. Koma zithunzi zake zili ndi dzanja lodziwika. Zambiri ndi za papepala, za pensulo, inki ndi choko chamitundu. Muli oimba jazi atapindika pa zida zawo, akazi ovala zipewa zikuluzikulu, amuna a masuti, ovina. Mizere yake ndi yachangu, ina yosamalizidwa dala, monga woimba jazi amasiyira mpata pakati pa mawu. Mumaona kuti anayang'anitsitsa ntchito za ojambula a ku Ulaya a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mutafufuta dzina lake pansi pa chithunzi, mukhoza kuchikonda kapena ayi, koma simunganene kuti wajambula ndi munthu wongoyamba kumene.

Mwambi wa mapanga awiri ndimaulemekeza, koma umanena za munthu amene akuthamanga uku ndi uku osakhazikika mpaka mvula itamunyowetsa. Conte sanathamange. Anakhala ku Asti komweko, anadikira mpaka zaka 37 kuti atulutse mawu ake, ndipo zithunzi zambiri zinakhala m'madirowa zaka zochuluka asanazionetse. Loya uja ndiye ankaona anthu, wojambula n'kusunga nkhope zawo, woimba n'kuwapatsa mawu. Ine ndimaona phanga limodzi lokhala ndi makomo atatu.

Tsiku lina mukapeza mpata, pemphani gogo wanuyo akuikireni nyimbo ya Bartali buku lija lili chotsegula patebulo, ndipo muwafunse kuti iwo anali kuti mu 1948. Mudzandilembere zimene adzakuuzeni, chifukwa ndikufuna kuzimva.