Azakhali anatumiza nkhope yoseka pa uthenga wa maliro

Mayi wina wa ku Nkhotakota wandilembera imelo. Bambo awo aang'ono atamwalira, iwo ndi amene analengeza pa gulu la banja la WhatsApp. Abale onse anayankha kuti pepani, koma azakhali awo a ku Dwangwa anatumiza 😂 zitatu. Mayiwo akuti akudziwa kuti azakhaliwo anaona misozi n'kuyesa munthu wolira, ndipo kumaliroko anabwera n'kugona pasiwa, koma mtima ukuwawabe. Akufunsa kuti: kodi ndine wopepera kupwetekedwa ndi kachithunzi?

Ayi achemwali, si kupepera. Diso likaona nkhope silidikira kuti mutu uganize kaye. Mu 2014, Owen Churches ndi anzake a pa yunivesite ya Flinders ku Australia anayeza ubongo wa anthu amene ankayang'ana chizindikiro cha :-) ndipo anapeza kuti ubongo umachilandira mofanana ndi momwe umalandirira nkhope ya munthu. Atachitembenuza kukhala (-: sunachitengenso choncho. Ngati timadontho tiwiri ndi timizere tikutha kutero, nanga nkhope yathunthu, mano onse pamtunda? Inu munaona munthu akuseka maliro a bambo anu. Zoti kunali kulakwitsa zinafika mochedwa, minga italowa kale.

Amene amati "ndi kachithunzi chabe" ine sindigwirizana nawo. Ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, khoti linagamula mu 2023 kuti mlimi amene anayankha 👍 pa uthenga wa mgwirizano wogulitsa mbewu anali atavomera, ndipo anamulamula kulipira madola a ku Canada oposa 82,000. Woweruza milandu akukapatsa kulemera kotero, ndiye mtima wa namfedwa ukaone kopepuka?

Komano tiyeni tiwaganizire azakhaliwo. Tizithunziti, totchedwa emoji, sanatipange ndi maliro athu m'maganizo. Shigetaka Kurita anajambula 176 mu 1999, akugwirira ntchito kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo ku Japan, ndipo tambiri tinali ta nyengo, magalimoto ndi zina zotero. Achinyamata amadziwa kuti 😂 ndi kuseka mpaka misozi, moti a Oxford Dictionaries, olemba mabuku otanthauzira mawu a Chingerezi, anakasankha kukhala mawu a chaka cha 2015. Mayi wachikulire ayi. Iye wagwira kafoni kagalasi long'aluka, magalasi a maso wawaiwala m'chikwama, uthenga wamufika ali pamoto, manja akunjenjemera. Akufuna nkhope ya misozi, ndipo yoyamba kuiona akuidina katatu kuti muone kukula kwa chisoni chake.

Ngakhale ophunzira amasemphana. Ofufuza a pa yunivesite ya Minnesota ku America anaonetsa mu 2016 kuti emoji imodzi imajambulidwa mosiyana pa mafoni a Apple, Samsung ndi Google, komanso kuti anthu oona chithunzi chimodzimodzi amatsutsana ngati chikusonyeza chimwemwe kapena kuipidwa.

Pasiwa palibe chisokonezo chotere. Azakhali amayamba kulira akadali pamsewu, amafika n'kukhala pamphasa pafupi nanu, mawu atasasa. Thupi lonse limanena. Pafoni zonsezo timazisenzetsa kankhope kamodzi, ndipo pamene sikakumveka, woŵerenga amadzazapo ndi zimene zili mumtima mwake. Namfedwa amakhala ndi zowawa, ndiye amadzazapo zowawa.

Musawadzudzule pagulu paja, angachite manyazi pamaso pa ana ndi akamwini. Uthengawo mutha kuufufuta pafoni yanu kuti musamauonenso mukatsegula. Mukadzakumana, khalani nawo pambali, muwaonetse 😂 ndi 😭 moyandikana, muwalozere pakamwa pa chilichonse. Chitani zimenezi msanga ndithu, chifukwa ayenera kuti alinso pa gulu la kumpingo, ndipo kumeneko mauthenga a zovuta sachedwa kubwera.