Penti wanu alibe mlandu, achemwali

Achemwali amene mwafunsa zoti penti wa khirimu amene munapaka pabalaza ku Makawa akuoneka wotuwa chiikireni magalasi a buluu m'mawindo, mpaka mukuganiza kuti wopenta anakusinthirani chitini: musamumane ndalama yake mwana wa eni. Ine ndimadula magalasi pano pa boma, ndipo ndikuuzeni kuti wakuba mtundu wa khoma lanulo ndi galasi.

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma mkati mwake muli mitundu yonse ija timaiona pa utawaleza. Khoma la khirimu limaoneka chomwecho chifukwa limabweza chikasu ndi kufiira kwambiri kuposa buluu. Tsono galasi lanulo likumeza gawo la kufiirako kusanafike pakhoma. Nanga khoma libweza bwanji chimene silinalandire? N'chimodzimodzi mukamasuzumira panja: chitenje chofiira chili pachingwe chioneka chozilala, pamene nyanja ioneka yabuluu mopitirira mmene ilili.

Ngakhale galasi wamba, limene timati loyera, silimayera kwenikweni. Tolani chidutswa, muchiyang'ane m'mphepete modulidwamo, mosamala zala. Muona kubiriwira ngati madzi a pamalo osaya. Kubiriwira kumeneku kumachokera ku chitsulo chimene chimakhala mumchenga wopangira galasi, pafupifupi 0.1 peresenti chabe, koma chimakwanira kumeza kufiira pang'ono. Galasi likakhala lochindikala, kuwala kumayenda mtunda wautali mkati mwake, ndiye kubiriwira kumakula. La 3mm simungalizindikire, la 6mm limayamba kudziulula. Sanjikizani ma louvre asanu papepala loyera mudzionere nokha. Lilipo lina lachitsulo chochepa kwambiri, limene amaika pa masola, koma mtengo wake ndi wina. M'magalasi a mitundu aja amachita kuthiramo dala mankhwala: cobalt amapatsa buluu, selenium amathandiza kupatsa mtundu wa bronze.

Inenso zinandionekerapo. Ndinawapangira mayi wina kabati yoonetsera nsalu, ndi galasi la 6mm poopa kuti ana angaswe. Patangotha sabata anabwera atakwiya, akuti lesi yoyera ya ukwati ikuoneka ngati yachita nkhungu ndipo makasitomala akungoidutsa. Titaitulutsa panja inali mbee! Kulakwa kunali kwanga, sindinawachenjeze.

Chosokoneza china ndi maso athuwa. Amazolowera msanga. Mukakhala pabalazapo mphindi zingapo, khoma limayamba kuoneka bwinoko, koma mukangochokera padzuwa n'kulowa, kutuwa kuja kumakumenyani m'maso. N'chifukwa chake m'nyumba mumatha kutsutsana, wina akuti khirimu, wina akuti ayi.

Kuti mutsimikize, mawa masana tsegulani mawindo onse ndi chitseko, kuwala kulowe kosadutsa pagalasi. Khirimu akabwerera, mlandu watha. Usiku mukhozanso kuyesa ndi babu, koma muyambe mwawerenga pakatoni yake: lolembedwa 6500K limawala mopendekera ku buluu ndipo likunamizaninso, la 3000K limapendekera ku chikasu.

Zochotsa magalasiwo ine sindingakulangizeni. Mwalowetsapo kale ndalama, komanso ndi dzuwa la kuno mu Okutobala, galasi lamtundu limachepetsako kuthobwa m'maso ndi kutentha kolowera pawindo, ngakhale lokhalo limatentha mukaligwira. Chotsika mtengo ndi kusintha penti. Gulani katini kakang'ono ka khirimu wopendekera ku pichesi, mupake kachigawo kakang'ono pakhoma loyang'anana ndi windo, muzikaona m'mawa, masana ndi madzulo mawindo ali otseka. Kakakusangalatsani, muitaneni wopenta yemwe uja adzamalize, ndipo ndalama yake yoyamba ija mumupatsiretu.