Tsiku limodzi ku Cape Town: kodi za Ayuda sizikutikhudza?

Mchemwali wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town wandilembera. Ali ndi tsiku limodzi lopuma, akufuna kukaona City Hall ndi Nyumba ya Malamulo, koma akuti malo a Ayuda awadumphe poti "si mbiri yathu".

Achemwali, mawu amenewo andilasa mumtima. Ineyo ndinafika mumzindawo ndi chikwama chimodzi, ndikugona pansi kwa mnyamata wakwathu. M'mamawa kuli chisisira, mphepo ija ikuboola jekete, tinkakhala pamzere wa mapepala, ena n'kumatinena kuti makwerekwere ngati tilibe makutu. Agogo anga nawo anapita ku migodi pa Wenela, anabwerako ndi njinga ndi chifuwa chosatha. Ndiye munthu akandiuza kuti nkhani ya obwera si yathu, magazi amandiwira.

Ayuda ambiri a ku South Africa anachokera ku Lithuania, kuthawa umphawi ndi nkhanza. Ambiri anayamba ndi kuyenda m'mafamu kugulitsa singano, mabatani ndi nsalu. Boma linawatsekera khomo ndi lamulo la 1930, kenako lina la 1937. Mu 1936 sitima ya Stuttgart itabwera ndi Ayuda oposa 500 othawa Hitler, anthu anachita zionetsero kuti asatsike. Mukamva zimenezi simukumbuka 2008, abale athu akuthamangitsidwa m'makomboni?

Mu South African Jewish Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya Ayuda imene Mandela anatsegula mu 2000, anamangamo kamudzi ka ku Lithuania: tinyumba tamatabwa, kasitolo, chitsime pakati. Ine ndinaima pachitsimepo nthawi yaitali, mutu uli kumudzi kwathu. Khomo lolowera ndi sunagoge wakale wa 1863, woyamba m'dziko lonselo, ndipo pambali pake pali wamkulu wa 1905.

Sindikuti onse anali oyera mtima, ayi. Pa tsankho anawerengedwa azungu, ndipo ambiri anadya nawo bwino ali chete. Koma Ayuda ena monga Joe Slovo, wobadwira ku Lithuania komweko, Ruth First ndi Helen Suzman anakana. Pamenepa ndiye ndimaumirira: wozunzidwa dzulo akhoza kuyang'ana kumbali mawa, ndipo ife Amalawi tisadzinamize, kwathu komwe timawanena zoipa a ku Dzaleka.

Nyumba zaboma nazo ndi zokongola, sindikana. City Hall ndi ya 1905, ndipo pakhonde lake ndi pamene Mandela analankhula pa 11 February 1990, tsiku lomwe anatuluka kundende. Pano paima chiboliboli chake. Koma nyumba zotere zimakuuza za olamula. Za munthu wofika wopanda kanthu sizinena.

Tsono muyende bwanji

Musapite Loweruka, chifukwa ndi Sabata, ku malo a Ayuda amatseka. Tengani pasipoti chifukwa pageti amafuna chiphaso. Yambirani ku City Hall m'mawa, mudutse Nyumba ya Malamulo, yomwe inapsa mu January 2022, ingoyang'anani panja. Kwerani ndi paki ya Company's Garden mpaka ku Hatfield Street, kumene kuli Jewish Museum, wapansi basi. Holocaust Centre, yokumbutsa za Ayuda ophedwa ndi Hitler, ili pabwalo lomwelo. Isiyireni masana onse, ndipo mukatuluka musakonze zina zambiri, mtima umakhala wolemera.