Anasaina osatukula n'komwe mutu: kodi tidzapitenso?

Bambo wina watumiza imelo yomvetsa chisoni. Akuti anatenga mwana wawo wazaka 10 kupita kumene katswiri wina wa mpira wamiyendo ankasainira masapota zinthu. Anaima pamzere maola atatu. Atafika patebulo, wosewerayo sanatukule n'komwe mutu, anangokhwatcha pajezi ya mwanayo, mlonda n'kuwauza kuti asunthe. Atapempha kujambulitsa naye anakanizidwa. Pofika kunyumba anapeza inki itafalikira mbali imodzi, ndipo lero mwanayo sakufunanso kumva dzina la munthu amene chithunzi chake anachimata kukhoma. Bambowa akufunsa kuti: kodi akatswiri onse ndi odzimva chonchi, nanga n'koyenera kudzapitanso?

Pepani kwambiri bambo. Kukhumudwa kwa mwana wanu si nkhani yaing'ono, chifukwa iye anapita kukaona munthu, osati kukatenga inki. Koma zambiri zimene zinakuonekerani zinali zitakonzedwa kale musanafike n'komwe pakhomo, ndipo mukadziwa mmene malo amenewa amayendera, ulendo wina mudzabwerako mosiyana.

Tiyambe ndi masamu, poti ndi pamene pagona nkhani. Tinene kuti mwambo wosainawo ndi wa maola awiri, amene ndi masekondi 7,200. Tiyerekeze kuti okonza mwambo alonjeza kuti anthu 400 asainiridwa. Ndiye kuti munthu aliyense ali ndi masekondi 18, ndipo m'masekondi amenewo muli kuyandikira, kuyala jezi, kusaina ndi kuchoka. Munthu mmodzi akatenga mphindi yathunthu kufotokoza za chigoli chimene amachikonda, anthu awiri kapena atatu akumapeto kwa mzere abwerera chimanjamanja. N'chifukwa chake pambali pa wosewerayo pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kukankha mzere basi. Iyeyu ndi amene amakana zithunzi, amalanda chinthu chachiwiri, ndiponso amadula macheza. Nthawi zambiri wosewerayo amakhala atauzidwa kale kuti asamaime, ndipo mutu wake umakhala pansi chifukwa chinthu chotsatira chayalidwa kale pamaso pake chisanachoke choyamba.

Funso loyamba musananyamuke lizikhala lakuti: mwambowu ndi wamtundu wanji? Pali wolipira, wofala kwambiri ku America, kumene msonkhano waukulu wa osonkhetsa zinthu zamasewera wotchedwa National Sports Collectors Convention wakhala ukuchitika kuyambira mu 1980. Kumalo otere tikiti yolowera ndi ina, tikiti ya siginecha ndi inanso, ndipo mtengo wake umatengera chinthu chimene mwabweretsa: chithunzi kapena kakhadi n'zotsikirapo, jezi ndi chipewa chosewerera n'zokwera. Mukafuna kuti awonjezere mawu, monga dzina lanu kapena chaka chimene anatenga chikho, mumalipiranso padera. Kujambulitsa nako kuli ndi tikiti yake komanso mzere wake. Anthu ambiri amakhumudwa pamenepa chifukwa amaganiza kuti poti alipira, zonse zalowa momwemo. Ubwino wake ndi woti mukakhala ndi tikiti, siginechayo muipeza ndithu, ndipo wosewerayo akalephera kubwera pamakhala ndondomeko yobwezera ndalama. Muziwerenga ndondomeko imeneyi musanagule.

Mwambo wina ndi waulere, wokonzedwa ndi timu kapena kampani yothandiza timuyo. Uwu ndi umene umaliza ana kwambiri. Nthawi ikakwana wosewerayo amanyamuka, kaya pamzere patsala anthu angati. Okonza anzeru amagawiratu timakhadi kapena tizibangiri tapepala kwa anthu okhawo amene nthawi ingawakwanire, kuti otsalawo adziwiretu. Mukafika n'kupeza mzere wautali koma palibe chimene akugawa, pitani kwa wogwira ntchito mukafunse mwachindunji kuti mzere udulidwa pati. Ndi bwino kumva zoona m'mawa kusiyana n'kuima padzuwa mpaka madzulo.

Kenako pali kungodikirira pageti ya bwalo lochitira zokonzekera, pabasi ya timu, kapena m'mbali mwa bwalo masewero akatha, monga osewera tenisi amachitira akamatuluka. Apa palibe lonjezo lililonse. Munthu amene wangogonja kumene, kapena wavulala, kapena basi ikumudikirira, akadutsa osaima musamuwerengere mlandu.

Nanga n'chifukwa chiyani nthawi zina amakana chinthu chimene mwabweretsa? Kawirikawiri ndi nkhani ya mapangano. Michael Jordan, katswiri wa basketball wa ku America, wakhala pamgwirizano ndi kampani yopanga makhadi a masewera ya Upper Deck kuyambira mu 1992, ndipo zinthu zogulitsa zokhala ndi siginecha yake zimadzera kumeneko. Osewera ambiri otchuka ali ndi mapangano ofananako. Wosewera amene amalipidwa kuti azivala nsapato za kampani ina sangafune kujambulidwa akusaina nsapato ya kampani yopikisana nayo. Pamwambo wa timu angathe kukana jezi yachinyengo kapena ya timu yake yakale, ndipo pena amangololedwa kusaina kakhadi kamene okonza agawa. Zimenezi zimalembedwa pachilengezo cha mwambo, koma m'timalemba tating'ono timene ambiri sawerenga.

Chinanso chimene chawumitsa mitima ya osewera ndi amalonda. Pali anthu amene amabwera ndi mulu wa zithunzi ndi majezi, n'kumazungulira pamzere kangapo, ena mpaka kutuma ana, ndipo dzuwa lisanalowe zinthuzo zili kale pamsika wa pa intaneti wa eBay. Wosewera akaona zimenezi kwa zaka amayamba kukayikira aliyense. Siginecha yake imafupika mpaka kungotsala zilembo ziwiri ndi nambala. Mukamva akufunsa kuti "Ndilembe dzina la ndani?", dziwani kuti mbali ina akuyesa ngati ndinu sapota weniweni, chifukwa jezi yolembedwa dzina la munthu sigulika bwino. Apa mpamene inu muli ndi mwayi woposa wamalonda. Yambani ndinu kupempha kuti alembe dzina la mwanayo, ngati malamulo a tsikulo akulola. Lembanitu dzinalo m'zilembo zikuluzikulu pakapepala komata n'kukamata pajeziyo, kuti pasakhale kufunsana kalembedwe pakati pa phokoso. Nkhope ya wosewera imasintha akaona kuti chinthucho chikupita kuchipinda cha mwana osati kumsika.

Ndinenepo pang'ono kuti si kukana konse kumene kuli kunyoza. Bill Russell, katswiri wa basketball wa Boston Celtics, anadziwika kwa zaka zambiri kuti sankasainira anthu, koma ankakonda kugwirana nawo chanza ndi kucheza nawo. Kwa iye zimenezo zinali zaulemu kuposa kukhwatcha papepala. Mwana wanu akanasankha chiti pa ziwirizi?

Tsopano za inki yofalikira ija, chifukwa vuto limeneli n'lopeweka ndithu. Majezi a masiku ano ndi a nsalu yoterera komanso yotamuka. Mukangoyala jezi patebulo, nsalu imakwinyika pansi pa nsonga ya cholembera ndipo mzere umadukaduka. Musananyamuke kunyumba, dulani katoni yolimba yaikulu ngati pepala la A4, ilowetseni m'kati mwa jezi pamalo pamene mukufuna siginecha, kokani nsaluyo mpaka itawamba bwino, n'kuigwiritsa kumbuyo ndi zopanira mapepala. Katoniyo imathandizanso kuti inki isadutsire ku nsalu ya mbali inayo. Pindani jeziyo kuti malo osainapo okha ndiwo aoneke, moti wosewerayo sangasaine pena.

Malo osainapo asankhidwe mosamala. Ambiri amakonda panambala ya kumbuyo chifukwa siginecha imaoneka bwino, koma nambala zambiri ndi pulasitiki yomatidwa ndi moto, ndipo pulasitiki simwa inki. Inki imakhala pamwamba, imachedwa kuuma, ndiye chala chikangokhudza kapena jezi ikapindidwa msanga, basi yafalikira. Ndikukhulupirira kuti ndi zimene zinachitikira jezi yanu. Ngati mwasankha panambala, nyamulani jeziyo chopingasa ngati thireyi, osakhudza, kwa mphindi zosachepera zisanu. Pansalu yeniyeni inki imalowa n'kuuma msanga, ngakhale m'mbali mwa zilembo mumaoneka ngati mwayenderera pang'ono.

Cholembera chitengeni nokha, ndipo zikhale ziwiri. Chimene chili patebulo chimakhala chitalemba kambirimbiri, nsonga yaphwanyika ndipo inki ikutha. Pajezi yoyera kapena yowala, cholembera cha inki yosafufutika cha mtundu wa Sharpie, chakuda chatsopano, chimakwanira. Pajezi yakuda, yobiriwira kwambiri kapena yabuluu wakuda, pamafunika cholembera cha penti, chasiliva kapena chagolide. Chimenechi n'chovuta pang'ono. Chimafunika kuchikhutchumula chili chotseka, kenako kudinikiza nsonga papepala kangapo mpaka penti itatsika, n'kulemba mizere ingapo yoyeserera. Chitani zimenezi patatsala anthu atatu kapena anayi kuti mufike. Mukachipereka chosakonzeka, wosewerayo adzachidinikiza pajezi pomwepo ndipo penti idzatuluka chidontho chachikulu pakati penipeni. Mupatseni chili chotsegula kale, nsonga italoza kwa inu. Nthawi zina okonza salola zolembera zakunja, koma kufunsa sikulakwa.

Zithunzi ndi makhadi onyezimira nazo zili ndi vuto lake: inki imachita timadontho m'malo mogwira. Osonkhetsa makhadi amapaka paudala wa ana pang'ono kwambiri pamwamba pake n'kupukuta bwinobwino, kuti kunyezimirako kuchepe. Mpira wa baseball susainidwa ndi Sharpie chifukwa inki yake imalowerera m'chikopa n'kuzilala pakapita nthawi. Umafuna bolopeni wamba wabuluu. Mpira wamiyendo muugwire nokha ndi manja awiri pamene akusaina, pachigawo choyera, ndipo ukasainidwa usakankhidwenso pabwalo.

Mukafika nazo kunyumba, adani ndi awiri: madzi ndi dzuwa. Jezi yosainidwa sichapidwa ndipo sivalidwa. Ngati mwana akufuna yovala, ikhale ina. Musaipachike moyang'anizana ndi zenera, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumazilalitsa inki pang'onopang'ono mpaka yakuda ija kusanduka yofiirira. Sungani tikiti ya tsikulo ndi chithunzi chilichonse chosonyeza akusaina. Ngati mukuganiza kuti chinthucho chidzakhala chamtengo m'tsogolo, pamiyambo ina pamakhala makampani otsimikizira masiginecha monga PSA, JSA kapena Beckett, amene amamata chizindikiro chawo pomwepo. Izi zinakula pambuyo poti apolisi ofufuza milandu a ku America a FBI atulukira gulu lalikulu la opanga masiginecha abodza pa kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen, ndipo mu 2001 ligi ya baseball ya MLB inayambitsa dongosolo lake lomata chizindikiro pa zinthu zimene zasainidwa mboni ikuona. Koma pa jezi ya mwana yokhala ndi dzina lake, zimenezi n'zosafunikira.

Pa masekondi 18 aja, konzekani chiganizo chimodzi chokha. Mwana ayeserere kunyumba. Chikhale chachindunji, monga kutchula masewero amene anamuonera, kapena kunena kuti nayenso amasewera malo omwewo kusukulu. Mawu oti "ndimakukondani kwambiri" wosewerayo wawamva kambirimbiri tsiku lomwelo, koma mwana akati "nanenso ndine goloboyi", kawirikawiri mutu umatukuka. Inu muime pambali foni ili yotsegula kale, ndipo ngati kujambula kuli kololedwa, jambulani vidiyo m'malo molimbana ndi selfie. Mu vidiyo mungathe kudzatapamo chithunzi chabwino. Yesetsaninso kukhala m'gulu loyambirira. Pofika ola lachiwiri dzanja limakhala litatopa, siginecha yafupika, ndipo wokankha mzere uja wayamba kuyang'ana wotchi.

Zonsezi sizikutanthauza kuti wosewera amene munakumana nayeyo analibe cholakwa. Kutukula mutu n'kunena kuti "zikomo" sikutenga ngakhale sekondi imodzi, ndipo alipo ambiri amene amakwanitsa kuchita zimenezi kwa munthu aliyense pamzere, ngakhale atatopa. Amene amasaina akucheza ndi mnzake kapena akuyang'ana foni pamene mwana waima patsogolo pake walephera ntchito imene anavomera. Musamukakamize mwana wanu kunena kuti zinali bwino. Muuzeni zoona: munthuyo ndi katswiri pabwalo, koma tsiku limenelo sanachite bwino, ndipo sichinali chifukwa cha iye mwanayo. Ngati mukufuna kudandaula, lemberani okonza mwambo kapena ofesi ya timu yoona za masapota, mwaulemu, mutchule tsiku, nthawi imene munaima ndi zimene chilengezo chinalonjeza. Pena amayankha, ndipo madandaulo otere ndi amene amachititsa kuti ulendo wina achepetse anthu pamzere.

Kodi mudzapitenso? Ine ndikuti inde, koma osayambira pa dzina lalikulu. Kumene kuli mzere waufupi ndi kumene kuli macheza: tsiku limene timu yatsegulira masapota zokonzekera zake, masewero a matimu achisodzera ndi a m'maligi ang'onoang'ono, komanso miyambo ya osewera amene anapuma, amene nthawi ali nayo ndipo amasangalala kukumbukiridwa. Palinso njira yolemba kalata kudzera ku timu, n'kuikamo chithunzi ndi envulopu yolembedwa kale adiresi yanu yokhala ndi sitampa. Yankho lingatenge miyezi kapena osabwera n'komwe, choncho musatumize chinthu chimene simungapirire kuchitaya.

Jezi yofalikira inki ija musaikhudze ndi sipiriti kapena mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo. Zimasungunula inki n'kuimwaza kwambiri, ndipo zingathe kuwononga nambalayo. Musayesenso kubwereza mizere ndi cholembera chanu, chifukwa ikatero sikhalanso siginecha yake. Ichotseni kaye pamaso pa mwanayo, muisunge pamalo ouma ndi amdima itayalidwa bwino, ndipo mumusiye adzaifunse yekha.