Kodi amene akundidya pa chess ya pa intaneti akubera ndi kompyuta?

Mnyamata wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu wanditumizira imelo. Inali yaitali ndipo theka lake unali mkwiyo, ndiye ndaidula:

"Achimwene, ndayamba chess chaka chino pa Chess.com, rating yanga ili pa 700 pa magemu a mphindi khumi. Dzulo usiku ndaluza magemu asanu motsatizana, ndipo mmodzi mwa anthuwo accuracy yake inali 96. Munthu wa 700 angasewere choncho? Ine ndikuona kuti ambiri akugwiritsa ntchito Stockfish. Ndingawadziwe bwanji? Komanso nanga ine nditamatsegula Stockfish pa foni ya mlongo wanga zikathina basi, kamodzi pa gemu, n'kulakwa? Poti aliyense akubera."

Zikomo achimwene polemba. Funso lanu lachiwirilo ndi limene landidetsa nkhawa, koma tiyambe ndi loyamba.

Kubera kulipo, zimenezo tisakane. Mu 1997, kompyuta ya Deep Blue ya kampani ya IBM itagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa chess wa dziko lonse pa nthawiyo, makinawo anali odzaza makabati awiri ndipo dziko lonse linadabwa. Lero Stockfish, pulogalamu yosewera chess, ndi yaulere, imalowa pa foni wamba ya Android, ndipo palibe munthu padziko amene angalimbane nayo. Magnus Carlsen anafika pa 2882 mu 2014, rating (nambala yosonyeza mphamvu za wosewera) imene palibe wina anaifikapo, koma naye Stockfish ikhoza kumuphwanya osatuluka thukuta. Ndiye wina akafuna kubera, likasa ali nalo m'thumba. Amangofunika foni yachiwiri: inu mukasuntha, iye amakopera kusuntha kwanuko pa foni inayo, makina n'kumuuza choyankha.

Koma taganizani za munthu wotereyu. Akupambana gemu iliyonse. Ndipo pa akaunti yatsopano rating imadumpha kwambiri, chifukwa dongosolo la Glicko limene mawebusaitiwa amagwiritsa ntchito limakhala lisanamudziwe munthuyo, choncho magemu oyambirira limamupatsa kapena kumulanda mapointi ambirimbiri nthawi imodzi. Wobera gemu yonse sangakhalitse pa 700. Amangodutsapo, mawa lake ali kutali, kumene akakumane ndi anthu odziwa kununkhiza makina komanso kumene akuluakulu a webusaiti amayang'anitsitsa. Kukumana naye kamodzi ali pa ulendo wakewo n'kotheka ndithu. Koma obera asanu motsatizana usiku umodzi, onse pa 700? Ine ndakana.

Tsono za 96 ija. Nambala ya accuracy imapusitsa anthu ongoyamba kumene kuposa china chilichonse pa Chess.com. Imangoyerekeza mmene munthu wasunthira ndi mmene makina akanasunthira, osaona kuti gemuyo inali yophweka kapena yovuta. Inu mukasiya kwini wanu pamalo poti kavalo wa mnzanu amudya ulele, mnzanuyo n'kumudyadi, makina amamuombera m'manja kuti wasewera bwino koposa. Mukasiyanso bishopu, n'kudya, amamuomberanso m'manja. Akayamba kusinthanitsa zidutswa poti watsogola kale, zonsezo makina amagwirizana nazo. Gemu ikutha accuracy ili kumwamba, chonsecho munthuyo sanaganize chozama chilichonse. Amangotola zimene inu mumagwetsa.

Gemu ikakhala yaifupi ndiye zimanyanya. Mukuudziwa msampha wa f7 uja (f7, e4 ndi enawa ndi mayina a mabokosi a pa bolodi): iye e4, inu e5, iye kwini pa h5, inu kavalo pa c6, iye bishopu pa c4, inu n'kutulutsa kavalo winayo pa f6 kuti muthamangitse kwini, basi kwini wadya f7, gemu yatha pa kusuntha kwachinayi. Mwana wa pulayimale amene anaonetsedwa msamphawu kamodzi akhoza kuutchera tsiku lonse, ndipo manambala ake azioneka okongola. Accuracy ya gemu imodzi si umboni wa chilichonse.

Palinso anthu amene amakudyani mwachilungamo ngakhale nambala yawo ili yofanana ndi yanu. Wina wasewera chess zaka zinayi ku sekondale yogonera komweko, pa bolodi lenileni, ndipo pa intaneti wangoyamba sabata ino. Polembetsa wasankha kuti ndi wongoyamba kumene, ndiye Chess.com yamuika pansi. Wina amasewera blitz, magemu achangu a mphindi zochepa, tsiku ndi tsiku ndipo kumeneko ali pa 1400, koma magemu a mphindi khumi, otchedwa rapid, amawakhudza mwa apo ndi apo, choncho rating yake ya rapid inatsalira m'mbuyo, poti mtundu uliwonse uli ndi nambala yakeyake. Wina amaluza dala kuti atsike azizunza ofooka, khalidwe loletsedwa koma lopanda makina. Ndipo kwathu kuno pali china chimene mukuchidziwa bwino: foni imodzi, anthu anayi. Akaunti ndi ya mng'ono, koma lero waigwira ndi mkulu wake wa ku Mzuni amene wabwera ku holide. Malamulo salola kubwerekana akaunti, komabe amene wakudyaniyo ndi munthu, si Stockfish.

Nanga wobera weniweni amaoneka bwanji? Chinthu choyamba kuyang'ana ndi wotchi, osati accuracy. Munthu amasewera mosinthasintha: poyambirira amathamanga, pakavuta amaima n'kuganiza mphindi yathunthu, ndipo mukamudyera chidutswa pamene pali njira imodzi yokha yobwezera, amabwezera nthawi yomweyo. Wokopera pa foni ina sangathe kutero. Ayenera kulowetsa kusuntha kwanu uko, kudikira yankho, kubwerera kuno. Ndiye mumapeza kuti kusuntha kulikonse kukumutengera masekondi ofananafanana, kaya ndi pophweka kaya ndi povuta. Mwamudyera kwini, pawn yake ili pomwepo yoti ibwezere, iye akudikirabe masekondi asanu ndi awiri. Kenako pamalo poti katswiri akanakanda mutu, masekondi omwewo, n'kusuntha mfumu kabokosi kamodzi pa chifukwa chimene chidzaoneke patsogolo. Pa Lichess, webusaiti ina ya chess, gemu ikatha, pali chithunzi chosonyeza nthawi imene aliyense anatenga pa kusuntha kulikonse. Muzichiona chimenecho.

Chachiwiri ndi mbiri yake. Tsegulani magemu ake akale. Ngati miyezi yonseyi amasewera zagwagwa ngati tonsefe kenaka mwadzidzidzi magemu makumi awiri otsatizana onse ndi oyera mbee, aatali, opanda cholakwa, pamenepo pali kanthu. Ngati pa magemu a mphindi imodzi ndi wofooka zedi koma pa mphindi khumi sagonja, palinso kanthu, chifukwa pa mphindi imodzi nthawi yokopera palibe. Komabe zonsezi ndi zokayikitsa chabe. Inu ndi ine tilibe zida zogamulira mlanduwo. A webusaiti ali nazo: amaona magemu onse a munthuyo, nthawi zake, ndi zina zimene saulula dala kuti obera asaphunzire kuzizemba.

Nkhani ya Dewa Kipas imaonetsa mmene zimakhalira zikafika pagulu. Mu March 2021, Levy Rozman, amene ambiri mumamudziwa kuti GothamChess pa YouTube, analuza pa Chess.com kwa munthu wa ku Indonesia wa dzina limeneli, ndipo anamuneneza. Chess.com inatseka akauntiyo. Mwini wake, bambo wachikulire Dadang Subur, anakana kuti sanabere, ndipo anthu a kwawo anakwiya n'kuyamba kumutukwana ndi kumuopseza Rozman. Mapeto ake anakonza zoti bamboyo asewere pa bolodi lenileni ndi Irene Sukandar, katswiri wamkazi wa dziko lomwelo, anthu oposa 1 miliyoni akuonera pa YouTube. Analuza magemu onse atatu, akusiya zidutswa ulele ngati mmene timachitira ife.

Koma pali mbali inanso. Mu September 2022 Carlsen analuza kwa Hans Niemann pa mpikisano wa Sinquefield Cup ku St. Louis, n'kuchoka mu mpikisanowo. Anthu atayamba kukayikira kuti wabera, Niemann anavomera kuti anaberapo pa intaneti ali ndi zaka 12 komanso 16. Chess.com inatulutsa lipoti la masamba 72 lonena kuti mwina anabera magemu oposa 100 a pa intaneti, koma silinapeze umboni wogwirika woti anabera pa gemu ya pa bolodi ija. Niemann anakasumira Carlsen, Chess.com ndi ena kufuna 100 miliyoni ya madola, ndipo nkhaniyo inatha ndi mgwirizano mu August 2023. Ngati akuluakulu okhala ndi akatswiri a masamu ndi maloya anakokanakokana chaka chathunthu, inu ndi foni yanu pakati pa usiku, mutangoluza kumene, mtima uli m'mwamba, musamadzikhulupirire kwambiri.

Choti muchite n'chachifupi. Mukakayikira, pitani pa dzina lake, dinani report, lembani chimene mwaona, mutsekeni kuti musakumanenso, pitirizani. Musamutukwane pa chat ndipo musamuike pa gulu la WhatsApp kuti ndi mbava. Mawebusaiti onse awiri amaletsa kunenera anthu zakubera pagulu ndipo chilango chikhoza kugwera inu. Akapezeka wolakwa, akaunti yake imatsekedwa kapena kuikidwa chizindikiro, ndipo mapointi amene anakulandani kawirikawiri amakubwezerani, uthenga n'kukupezani.

Tsopano foni ya mlongo wanu ija.

Inde achimwene, n'kubera. Kamodzi pa gemu n'kubera, kungofuna kutsimikiza zimene munaganiza kale n'kuberanso. Gemu ikamaseweredwa simuloledwa makina, buku, vidiyo, ngakhale mnzanu. Chomalizachi chimatipweteka ambiri, poti tinazolowera ku bawo kuti oonerera amalankhula. Mwakhala pa khonde, anzanu awiri asuzumira pa phewa, wina akuti "idyani kavaloyo", wina "ayi, chekini kaye". Wa mbali inayo akuganiza kuti akusewera ndi munthu mmodzi pamene akusewera ndi komiti. Pa magemu a masiku angapo aja, amene pa Chess.com amati Daily, mabuku a kayambidwe ka gemu amaloledwa, koma makina ndi oletsedwa ngakhale kumeneko.

Ndipo taonani chimene mwachita ndi mafunso anu awiriwa. Poyamba ndimati wobera gemu yonse sakhalitsa pa 700. Amene amakhalitsa pansi pano, amene ndi wovuta kumugwira, ndi wotsegula makina "zikathina basi". Ndiye kuti wobera amene mukumuopayo, ngati alipo pa msinkhu wanu, ndi munthu amene anadziuza mawu omwe mwandilemberawa: poti aliyense akubera. Mwina nayenso anaona 96 ya wina usiku wina, mtima n'kuwawa.

Musanyozenso kamodziko. Gemu ya chess imagamulidwa pamalo amodzi kapena awiri, kwinako ndi kungoyendetsa. Munthu akakuuzani chochita pamalo amenewo, wakusewererani gemu yonse. Wa mbali inayo ndi mnzanu wa 700, wagula bandulo ndi ndalama yovuta ngati inu, waganiza ndi mutu wake mpaka wakupanikizani bwinobwino, ndiye pamene akuti akolole, akupeza kuti akulimbana ndi chinthu chimene Carlsen sangachithe.

Chimene chidzakuchitikireni inuyo ndikhoza kukuuzani. Rating idzakwera kufika 900, kenako 1000, pamene mutu wanu udakali wa 700. Anthu a kumeneko adzayamba kukupanikizani kawirikawiri, ndiye kuthina kuja kudzachoka pa kamodzi kufika kanayi pa gemu. Tsiku limene mlongo wanu watuluka ndi foni yake mudzaluza magemu onse, mudzaopa kusewera. Kenako akaunti idzatsekedwa. Pa Lichess chizindikirocho chimaoneka kwa aliyense wotsegula dzina lanu, ndipo osewera chess ku Mzuzu kuno si ambiri, timadziwana kuyambira ku Luwinga mpaka ku Katoto. Chithunzi cha akaunti yanu chikangolowa pa gulu, ngakhale mudzapambane mwachilungamo pa bolodi, anthu azidzayang'anizana. Igors Rausis anali grandmaster, udindo wapamwamba wa akatswiri a chess. Mu 2019 anajambulidwa ali m'chimbudzi ndi foni pa mpikisano ku Strasbourg, FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, inamuletsa kusewera zaka zisanu ndi chimodzi n'kumulanda udindowo. Lero akatchulidwa, anthu amakumbukira chimbudzicho, osati magemu ake.

Stockfish yomweyo ndi mphunzitsi wabwino gemu ikatha. Chess.com imapatsa osalipira Game Review imodzi pa tsiku. Pa Lichess mukhoza kuunika magemu anu ndi makina osalipira kanthu, n'chifukwa chake ine ndimatumiza ongoyamba kumeneko (musadabwe kuona nambala yanu ili yokwera, poti Lichess imayambitsa anthu pa 1500 ndipo manambala a mawebusaiti awiriwa safanana). Koma musathamangire kuyatsa makina. Yambani mwadutsa gemuyo nokha, mupeze pamene munataya chidutswa choyamba, mudzifunse kuti maso anu anali kuti. Pa 700 kawirikawiri yankho ndi loti munali kuganiza zanu zokha, osafunsa kuti mnzanu wasunthiranji. Mukapeza, ndiye yatsani makina muone ngati mukugwirizana. Siyaninso kusewera mutakwiya. Magemu asanu aja ndikukayika ngati munapuma pakati pake. Mwina mumangodina kuti ina, ina, kufuna kubweza, maso akulemera, netiweki nayo ikudukaduka n'kumakudyerani nthawi. Mukaluza awiri otsatizana, ikani foni pansi. Ndipo sewerani a mphindi 15 owonjezera masekondi 10 pa kusuntha kulikonse, kuti mukhale ndi mpata woyang'ana bolodi lonse.

Ngati nkhawa ya obera ikukusowetsanibe mtendere, funani anthu a pa bolodi lenileni. Bungwe loyendetsa masewerowa m'dziko muno ndi Chess Association of Malawi, CHESSAM, ndipo mipikisano ya m'chigawo cha kumpoto imachitika. Funsani aphunzitsi oyang'anira chess m'masukulu a sekondale kapena ophunzira a ku Mzuni, akulozerani kumene anthu amakumana. Kumeneko mnzanu mumamuona manja onse awiri. Kungoti mukapita ku mpikisano, foni muizimitse n'kuipereka kumene woyang'anira wanena, chifukwa pa malamulo a FIDE ikapezeka m'thumba mwanu gemu ili mkati, mukhoza kuluza pomwepo ngakhale simunaigwire.