Galimoto ya zinyalala ikapanda kufika kwanu

Amayi, mwafunsa kuti muchite bwanji poti mumakhala m'mbali mwa phiri muno mu Chipata, ndipo mvula ikayamba kwanu kumasanduka chilumba, galimoto ya khonsolo osakwera n'komwe.

Yambani mwakhuthula thumba lanu la zinyalala pansi, muone zimene zilimo. Ine nditatero ndinapeza kuti zambiri ndi makoko a mbatata, mapesi a repu, zitsononkho ndi phulusa la pa mbaula. Izi sizifuna galimoto ayi. Kumbani dzenje lofika m'chiuno kuseri kwa nyumba, kutali ndi chitsime, muziponyamo zowola zokhazokha, pamwamba n'kuwaza dothi ndi phulusa pang'ono kuti ntchentche zisasonkhane. Pakapita miyezi itatu kapena inayi mupeza manyowa akuda bii, onunkhira dothi. Chibwabwa changa chaka chino chakula ndi omwewo.

Vuto lenileni ndi mapulasitiki. Boma linaletsa kale timapepala ta pulasitiki topyapyala tosafika ma micron 30 (muyeso wa kuchindikala kwake) kudzera m'lamulo la SI 65 la 2018, koma pitani pa msika wa Kapata muone. Choncho nyamulani dengu lanu popita kukagula. Mabotolo muziwaphwanya ndi phazi n'kuwasunga m'saka pamalo ouma. Msewu ukauma, wa njinga adzatsika nawo.

Chonde musawatenthe, utsi wake umawononga chifuwa cha ana. Ndipo zotaya mu ngalande usiku zija (tonse tikudziwana) zimathera mu mtsinje wa Lunkhwakwa, momwe ena amachapa.

Matewera a ana ndiwo andisowetsa mtendere. Mkazi wanga anabwerera ku ansalu, ogula aja amawagwiritsa ntchito pa ulendo pokha.